Zikhadabo za Dzanja Lamanja

Chidwalireni sitiroko mayi ake, Chitsirizira ankachoka pakhomo Lachitatu masana basi. Tsikulo achemwali ake ankabwera kudzakhala ndi odwalawo, iye n'kuthamangira kukashopu ka aWailesi, mkulu wokonza mawailesi amene ankamuphunzitsa gitala pakati pa mawaya ndi fumbi.

Nyimbo imene ankalimbana nayo inali imodzi, yachikondi koma yopanda mawu. Chala chachikulu chinkayenda pang'onopang'ono pa nsambo zonenepa, zala zitatu zikuthamangitsana pa nsambo yopyapyala ngati mvula yowaza pamalata.

"Amati anaipeka bambo wina kalekale, mkazi amene ankamukonda atakwatiwa ndi wina," anatero aWailesi. "Kaya n'zoona, kaya. Chala chachikulucho ndi mapazi ake akudutsa pazenera la mkaziyo. Zitatuzo ndi mtima."

"Ndiye analowa?"

"Akanalowa bwenzi tikuimba chiyani? Tabwereza. Ukupalasa ngati nkhuku kudzala."

Vuto, anatero mkuluyo, linali zikhadabo. Za kumanzere aziwenga, koma za kumanja azisunge, azizisalaza ndi kasandipepa. Zitakula, gitala inayamba kulankhula momveka, mpaka wosoka nsapato wa khomo loyandikana ankaimika nyundo n'kumvetsera.

Kunyumba ntchito inali yomweyo: kuwasambitsa mayi, kuwatembenuza kuti asatupe mbali imodzi, kuwadzoza mafuta kumsana. Chipinda chinkanunkha sopo ndi mankhwala. Pakamwa pa mayiwo panapotoka, koma nthabwala sizinathe.

"Taimba ya chitsiru chako chija," ankatero. "Mwamuna wanji wongozungulira nyumba ya eni ngati tambala?"

M'mawa wina kunabwera anesi oyendera odwala m'makomo. Anavundukula msana wa mayiwo. Pansi pa phewa panali mizere itatu, umodzi utayamba kale kuchucha.

"Wakukandani ndani, amayi?"

"Ndinadzikanda ndekha. Pankayabwa."

Anesi anayang'ana mkono wakufawo, n'kuyang'ana winawo, umene sunkafika ngakhale pakhosi. Kenako maso awo anagwera pa dzanja la Chitsirizira.

"Khungu la amayiwa lili ngati pepala lonyowa, mchemwali. Chilonda cha munthu wogona chikalowa m'kati, timachilephera."

Anesi atapita, Chitsirizira anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Bwanji osanena, mayi?"

"Ndinene kuti uwenge? Unasiya ntchito chifukwa cha ine. Mnyamata ankafuna kukukwatira uja anatopa n'kudikira. Ndikulande ndi zala zomwe?"

Chitsirizira anayesa magolovesi, zikhadabo n'kuboola. Anayesa kudzoza ndi dzanja lamanzere lokha, koma munthu wamkulu satembenuzika ndi dzanja limodzi. Anawapempha achemwali ake kuti azibwera m'mawa uliwonse.

"Ine ndili ndi ana ndi mwamuna, iwe," anayankha achemwaliwo akufunafuna makiyi m'chikwama. "Lachitatu lomwe lija ndimachita kuba. Ndiye tivutike tonse chifukwa cha zikhadabo? Udya gitala?"

Madzulo ake Chitsirizira anatulutsa gitala pakhonde n'kuimba nyimbo ija kuyambira poyamba mpaka pothera, osapunthwa ngakhale pamodzi. Aka kanali koyamba. Panalibe womumva kupatula mayi kuseri kwa khoma ndi mbuzi ya aneba. Atatha anatenga lezala. Anayamba ndi chala chachikulu.

Nthawi yotembenuza itakwana analowa m'chipinda, n'kutenthetsa mafuta m'manja mwake. Zala zitangokhudza msana, mayi anadziwa. Anagwira dzanjalo ndi mkono wawo wamoyo, n'kupapasa nsonga za zala, chimodzichimodzi, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ndinakuuza kuti ndinadzikanda ndekha," anatero chapansipansi.

"Ndinamva, mayi. Gwirani khosi langa. Tiyeni, pang'onopang'ono."