Zala Zisanu za Wonga

Anyani a ku Thyolo saopa munthu wamkazi. Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wakalindako chimanga m'mphepete mwa nkhalango ya esiteti atavala chitenje, kenako abwere tidzakambirane. Akaona buluku, ngakhale long'ambika la munthu woledzera, amathawa mpaka mitengo ya kutali. Akaona chitenje amangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya.

Lestina anazidziwa bwino zimenezi m'chaka cha njala cha 2002. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, wothyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi kwa Mphuka, ndipo munda umene amayi ake anamusiyira unagundana ndi nkhalango ya esitetiyo. Chaka chimenecho anthu ankadya madeya ndi zitsinde za nthochi. Chimanga cha Lestina chokha ndiye chinabereka mochititsa kaso, ndevu zitayamba kuuma, moti ana ake ankapita kukangochiyang'ana. Chimangacho chikanalephera kufika pokolola, banja lija linalibenso kolowera.

Vuto linali loti esiteti inali ndi mlenje wake wolondera mitengo ya makademiya. Iye akawomba mfuti kumtunda, gulu lonse la anyani linkatsetserekera kumunsi, ndipo munda woyamba kuupeza unali wa Lestina. Mayiyu anakadandaula kwa a Vitu, manejala wachinyamata amene anali atangobwera kumene kuchokera kumpoto. A Vitu anamumvetsera mwaulemu ndithu, mpaka kumupatsa mpando.

"Pepani mayi," anatero, "koma kampani imateteza mitengo yake. Munda wanu uli kunja kwa baundale."

"Anyaniwo baundaleyo akuidziwa, bwana?" anafunsa Lestina. A Vitu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Gulu la anyani lija linali ndi mtsogoleri wake, chinyani chachikulu chotuwa kumsana. Lestina anachitcha Kapitawo, chifukwa chinkakhala pachitsa n'kumayang'anira anzake akuthyola, icho n'kumalandira zonenepa zokhazokha. Mayiyu anayesa zonse. Anamangirira zitini, anagenda miyala, anakuwa mpaka mawu kusasa. Tsiku lina anavala buluku ndi chipewa cha malemu amuna ake. Kapitawo anamuyang'ana mayendedwe, anayasamula, n'kuthyola chimanga china n'kuyamba kuchisenda akumuyang'ana m'maso. Lestina anapsa mtima mpaka kulira, osati chifukwa cha chimanga chokha, koma chipongwecho.

Madzulo ake anapita kwa achimwene ake aakulu, a Isaiah, amene anali mwini mbumba.

"Achimwene, ndikufuna mfuti."

"Mfuti ndinabwerekapo chaka chatha, wayiwala?" anayankha a Isaiah. "Akangondiona, onse balala. Ndikachoka, abwerera. Pamafunika mfuti yoponya patali ngati ya ku esiteti, ndipo imene ija ndi ya laisensi. Ife tingaione kuti?"

"Sindikunena kuti muwombere inu. Ndiwombera ndekha."

A Isaiah anaika pansi nsungwi imene ankasema. "Amake Joan, njalayi yakuzunguza mutu eti? Mkazi sagwira mfuti. Ukangoikhudza imazizira, siiphanso kanthu. Olo wonga weniweniwo, mkazi akaugwira umakana moto. Makolo athu anachoka nazo ku Mozambiki zimenezi, si iwe woti uzisinthe."

"Ndiye ana anga adya mwambowo?"

"Usandiyankhe choncho, Lestina!"

Lestina anabwerera kwawo. M'mawa mwake, m'malo mosenza dengu la tiyi, anatulutsa njinga ya malemu amuna ake, chinthu chokhacho cha mtengo chimene chinatsala m'nyumbamo, n'kupalasa ulendo wa ku Goliati.

Kuseri kwa msika wa Goliati kunali a Raphael, mkulu wosula makasu ndi kukonza njinga. Aliyense ankadziwa kuti mkuluyu amasulanso zina, koma palibe ankazitchula mokweza. Lestina anagwada pakhomo pa chisakasa n'kupereka moni m'chiyankhulo cha makolo awo.

"Moseliwa, abambo?"

"Koseliwa, mayi. Njingayo yatani?"

"Ilibe vuto. Ndabwera kudzaisiya. Ine ndibwerera wapansi, nditanyamula mfuti."

A Raphael anayang'ana kumsewu, anayang'ana njinga, n'kuona kuti matayala ndi atsopano. "Akutumani ndani? Amuna anu?"

"Amuna anga ali kumanda. Andituma ndi anyani."

Mkuluyo anadandaula kwambiri, anatchula mwambo, anatchula apolisi, koma maso ake sankachoka pa njinga ija. Pomaliza anamulowetsa m'kachipinda ka kuseri n'kuvundukula chiguduli. Pansi panagona mfuti zitatu. Yoyamba inali yaitali kuposa Lestina mwini wake, ndipo a Raphael anati imeneyo ndiyo amuna amaikonda chifukwa imafika patali. Yachiwiri inali chifefe cha paipi, chopepuka bwino, koma chofuna zipolopolo za kusitolo zimene munthu wopanda laisensi sangagulitsidwe. Yachitatu inali gogodera wamfupi, wakuda ndi utsi, thako lake lomangidwa ndi waya.

"Iyi musaiyang'ane n'komwe," anatero a Raphael. "Imaluma zedi, koma pafupi. Kuchoka pano kufika pa mpapaya uwo basi. Nyani sangakuloleni kufika pamenepo."

"Inuyo sangakuloleni," anatero Lestina. "Ine amandilola mpaka kumva kutafuna kwake. Yaitaliyo ndingaibise pati? Akaiona ndili kutali athawa ngati mmene amathawira inu. Ndipatseni yaifupiyi."

A Raphael anaseka mpaka kutsokomola. "Koma mayi inu! Chabwino. Kungoti mukaigwira, yagwiridwa. Musadzabwere nayo kuno, palibe mwamuna angaigulenso."

Anamuphunzitsa kuthira, iwo akuchita, iye akuyang'ana. Poyamba wonga, kenako kasanza, n'kutsindira ndi kachitsulo kakatali. Kenako misomali yodulidula, kasanza kena, n'kutsindiranso. Muyeso wa wonga sunali wa supuni kapena sikelo. Ukalowetsa chotsindira, mbali yotsala kunja kwa mfuti umaiyeza ndi zala.

"Zala zitatu," anatero a Raphael, akumuonetsa. "Mwamva? Zitatu. Mfuti iyi ndi yokalamba, sifuna kukhutitsidwa."

Lestina anabwerera wapansi, mfuti ataikulunga mumkeka pamutu, wonga uli m'kabotolo m'chiuno. Anafika miyendo itatupa, n'kupeza mizere ina iwiri ya chimanga ili mapesi okhaokha.

Kutacha anakhala kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuthira. Apa ndiye pamene anthu amamunena mpaka lero, koma ine sindimuweruza. Anathira wonga, anayeza zala zitatu, n'kuziyang'ana zalazo. Zala za munthu wothyola tiyi ndi zowonda, za kutsina nsonga za masamba. Zala za a Raphael zinali zonenepa ngati chinangwa. Zitatu za mkulu uja zingafanane bwanji ndi zitatu zake? Anawonjezera mpaka zinayi, ndipo pamenepo anali atalondola ndithu. Kenako anakumbukira mawu a achimwene ake oti wonga wogwiridwa ndi mkazi umakana moto. Sankawakhulupirira, komabe ankamulira m'khutu. Anati ngati dzanja lake likuziziritsa wonga, ndiye athire wambiri, aone ngati uzizire wonsewo. Anathira chala chachisanu, n'kutsindira mwaukali.

Dzuwa litakwera pang'ono, mfuti ya mlenje wa esiteti inalira kumtunda, ndipo posakhalitsa nthambi zinayamba kugwedezeka m'mphepete mwa nkhalango. Lestina anafunda chitenje kuchokera paphewa, mfuti ili m'kati motsamira thupi, n'kulowa m'munda akuyenda mwaulesi ngati mayi wofuna ndiwo. Anyani aang'ono anamupatukira osasiya kudya. Lestina ankachita mantha kwambiri, poti anali asanawombepo mfuti chibadwire.

Kapitawo anali pachitsa chake. Anamuona akubwera, anamuonetsa mano pang'ono mwa mwambo chabe, n'kubwerera ku chimanga chimene chinali m'manja. Lestina anayandikira kuposa pa mpapaya wa a Raphael uja. Anafika poti ankaona nsabwe zikuyenda m'ubweya wa pachifuwa.

"Wakhuta?" anafunsa.

Anavundukula chitenje, anaika thako la mfuti paphewa, n'kukoka.

Kulira kwa mfuti imene ija kunamveka mpaka ku fakitale. Utsi unadzaza munda wonse. Lestina anapezeka ali chagada pakati pa mizere, makutu akulira, dzanja lamanja litakana kudzuka. Fupa la paphewa linali litathyoka. Atadzutsa mutu anaona chitsa chili chokha, Kapitawo ali gone kuseri kwake, ndipo gulu lonse likukuwa m'mitengo, likuthawa mosayang'ana m'mbuyo. Ululu unali woopsa, koma mayi uja anaseka ali chigonere, misozi ikutsikira m'makutu.

Oyamba kufika anali a Isaiah, akuthamanga opanda malaya. Anaona nyani, anaona mlongo wawo, anaona mfuti ili pansi ikufukabe utsi.

"Mayo ine! Wadzipha, Lestina!"

"Sindinafe. Wafa ndi uyo. Mwati imazizira, achimwene? Taigwireni muone ngati yazizira."

A Isaiah anaigwiradi, koma osati kuti aone kutentha. Anainyamula n'kuyamba kuchoka nayo.

"Mukupita nayo kuti?"

"Alonda a esiteti amva, akubwera. Akaipeza pano, womangidwa ndine, chifukwa palibe angakhulupirire kuti wawomba ndiwe. Ikukalowa m'chimbudzi imeneyi."

"Ndi yanga! Ndagula ndi njinga ya abambo a ana anga! Achimwene, bwezani!"

Anayesa kudzuka kuti awalande, koma phewa linamubweza pansi. Anawatukwana achimwene akewo mawu amene mlongo sayenera kunena kwa mwini mbumba, anthu amene anayamba kusonkhana akumva. A Isaiah sanacheuke. Pamene alonda ankafika, mfuti inali italowa kale m'dzenje, ndipo mudzi wonse unati sunaone kanthu.

Kuchipatala anamumanga mkono n'kumuuza kuti asasenze dengu mpaka fupa litagwirana. Ku tiyi anati munthu wa dzanja limodzi alibe naye ntchito, adzabwere akadzachira ngati malo adzakhalepo. Choncho Lestina anatsala wopanda njinga, wopanda mfuti, wopanda ntchito, ali ndi munda wokha umene unkafunikabe milungu ingapo kuti chimanga chikhwime. Amayi ena ankamumvera chisoni, ena ankati wazifuna dala. A Isaiah anabwera ndi kambale ka nyemba za kalongonda, n'kukhala pakhonde osamuyang'ana kumaso.

"Anyani saiwala munda," anatero. "Akalira maliro awo abweranso. Ndiye utani, poti mfuti palibe? Ukanandimvera, bwenzi uli ndi manja awiri ndi ntchito yako."

"Bwenzi ndili ndi manja awiri ofukulira zitsinde za nthochi," anayankha Lestina. Kalongonda uja anapatsa ana, iye sanalaweko.

Anyani anabweradi. Mmawa wina mfuti ya mlenje inalira kumtunda, ndipo nthambi za m'malire zinayambanso kugwedezeka. Lestina anadzuka pamkeka movutikira, anagulula mpini wa khasu ndi phazi, anaupana m'khwapa lamanzere, n'kufunda chitenje pamwamba pake. A Isaiah, amene anali pabwalo, anamuona akudutsa.

"Ukupita kuti ndi phewa limenelo? Mpini uwombera chiyani? Bwerera ukagone!"

"Khalani pomwepo, achimwene. Mukabwera ndi buluku lanulo mundisokonezera."

Analowa m'munda pang'onopang'ono, phazi lililonse likumubaya paphewa. Anyani anali atatsika kale, ena atagwira mapesi a mzere woyamba. Wina wamkazi, wobereka mwana pamimba, anatukula mutu n'kumuona. Anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anakuwa kukuwa kumene Lestina anali atakumvapo kambirimbiri, koma kokuwira amuna okhaokha. Gulu lonse linataya zimene linagwira n'kuthamangira m'nkhalango, mpaka nthambi zouma kumathyoka.

Lestina sanavundukule n'komwe chitenje. Anayenda mpaka pachitsa chija n'kukhalapo, mpini uli pamiyendo. Kumtunda belu la esiteti linkaitana anthu othyola tiyi, ndipo anadziwa kuti malo ake atenga wina. Zinamuwawa, koma sanasunthe. Anakuwira Joan, mwana wake wamkulu, kuti amubweretsere madzi akumwa ndi mkeka, chifukwa pamenepo sachokapo mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe.