A Zigayo ndi a Perefyumu

Kampani ziwiri za ndege zitaphatikizana kukhala imodzi, ife oyendetsa ndege a ku Tamale, kumpoto kwa dziko, tinayamba kuvala yunifolomu yofanana ndi anzathu a ku Accra. Koma kufananako kunathera pa malaya. Ife tinkayendetsa ndege zazing'ono za mapulopela, kupita ku Wa, ku Kumasi, ku Sunyani ndi ku Accra, kutera kanayi kapena kasanu pa tsiku. Iwo anali ndi majeti opita ku Lagos, ku Abidjan ndi ku Dakar, ndipo malipiro awo ankaposa athu pafupifupi kawiri. Ankatitcha "a zigayo" chifukwa cha kulira kwa ndege zathu. Ife tinkawatcha "a perefyumu", chifukwa ukangolowa m'chipinda chawo chopumira unkayamba kuyetsemula.

Ine, Neindow Yakubu, ndinali wapampando wa a zigayo. Mbali inayo inkatsogoleredwa ndi Kaputeni Kobina Essilfie, Mfante wa kumwera, bambo wamtali wa imvi, amene ankalankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi.

Mkangano unafika pachimake kampani itagula majeti awiri atsopano. Ayendetse ndani? A Essilfie ankati jeti ndi ya anthu odziwa jeti. Ine ndinkati tiwerenge zaka zimene munthu wagwira ntchito, poti asanu ndi mmodzi a ife tinayamba kuuluka anyamata awo ambiri akadali ku sekondale.

"Kaputeni Yakubu," anatero a Essilfie pa msonkhano wina, "jeti si thirakitala. Munthu sangochoka kumunda n'kufikira kukwera."

"Akulu, ndege yanuyo imadzitera yokha inu mukumwa tiyi," ndinayankha. "Ife ndege timayendetsa ndi manja. Inu mumangoiyang'anira ngati mlonda."

Anthu anga anaombera m'manja, awo anatsonya, msonkhano n'kutha popanda chogwirizana. Zinayenda choncho miyezi isanu ndi itatu. Tinasiya ngakhale kudyera pamodzi. Hajia Rabi, mayi amene ankatigulitsa waakye, mpunga wophika ndi nyemba, kuseri kwa bwalo la ndege la ku Accra, anachita kugula benchi lachiwiri.

"Khalani motalikirana mmene mungafunire, ana anga," ankatero akutiikira nyemba ndi dzira. "Koma poto ndi mmodzi yemweyu, sindiphika kawiri."

Pamapeto pake panabwera mkhalapakati, mayi wina wamfupi amene anatimvetsera masiku atatu osaseka n'kamodzi komwe. Chigamulo chake chinali chakuti malipiro aziyendera zaka za ntchito, oyendetsa jeti azingolandira kowonjezera pang'ono, ndipo mipando ya m'majeti atsopano igawidwe pakati. Palibe amene anapeza zonse zimene ankafuna, koma ife tinabwerera ku Tamale tikuimba. Mpando woyamba anzanga anandipatsa ine.

Kenaka ndinamva kuti wondiphunzitsa ndi kundiyesa akhala a Essilfie.

"Akakulepheretsani amenewo, Kaputeni," anatero Sanatu, mayi woyendetsa ndege amene ankakhala kudzanja langa lamanja m'ndege kwa zaka zisanu ndi chimodzi. "Mukumbukira munawatcha mlonda?"

Mkazi wanga Memunatu sanadandaule. "Bambo a Fati, munakuwa nokha kuti mukufuna jeti. Pitani mukaikwere. Nkhanga zanu ndizisamala, koma zikathawa musadzandifunse."

Maphunziro ankachitikira m'chipinda chomangidwa ngati kutsogolo kwa ndege, chogwedezeka ngati uli m'mwamba ndithu. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ndinatuluka thukuta ngati wophunzira wa dzulo. Jeti siidikira munthu. Pamene ndikuganiza zochepetsa liwiro, bwalo linali litadutsa kale pansi panga.

"Ndege yakusiyani, Kaputeni," ankatero a Essilfie kumbuyo kwanga. "Iyo ili ku Abidjan, inu mukadali ku Takoradi. Tiyambirenso."

Tinayambiranso, n'kuyambiranso. Ndinkadikira tsiku loti andibwezere chipongwe, koma silinafike. Loweruka lina, tsiku lawo lopuma, anabwera ndi mabuku awo akale olembedwalembedwa m'mphepete, n'kukhala nane kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Mukalephera inu, anthu adzati Essilfie sadziwa kuphunzitsa," anatero. "Musaganize kuti ndimakukondani."

Mayeso ndinakhoza. Ulendo wanga woyamba wonyamula anthu unali wa ku Abidjan, iwo ali pambali panga, ndipo potera ndinaigwetsa ndegeyo mwamphamvu moti mabokosi a katundu anachita phokoso kumbuyo. A Essilfie anadikira kuti tiime. Kenaka anavula zomvera za m'makutu pang'onopang'ono.

"Tafika," anatero. "Abidjan yonse yamva kuti tafika."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona nawonso akuseka.

Mgwirizano unkati wophunzitsidwa jeti aiyendetse chaka chathunthu, ndipo ndinachikwanitsa. Kutera kwanga kunasalala. Koma ndinkakhala m'kanyumba ka lendi ku Accra, kwathu n'kumapitako kawiri pa mwezi. M'mwamba mmene jeti imadutsa simuoneka kanthu, mitambo yokhayokha. Pa ndege yanga yakale ndinkaona mtsinje wa Volta, utsi wa anthu otentha tchire, ngakhale msika wa ku Damongo ngati wadzaza. Okwera ndinkawadziwa: amayi a malonda a mafuta odzola a shea, madokotala opita ku Wa, mkulu wina amene ankakana kukhala pansi asanandipatse moni wa banja lonse. M'jeti, okwera anali nambala imene amandiuza tisananyamuke.

Ndinawauza a Essilfie masana ena ku Dakar, tikudya mpunga wa nsomba podikira ulendo wobwerera.

"Ndikubwerera ku zigayo."

Anaika supuni pansi. "Mukuti chiyani? Miyezi isanu ndi itatu mukundinyoza pamaso pa anthu, Loweruka langa n'kuthera pa inu, lero muziti simukuifuna?"

"Ndinkafuna kuti anthu anga aziloledwa kulowa, achimwene. Sindinanene kuti ine ndikhalitsamo."

"Anthu a kumpoto inu!" Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Ndiye mpandowo mukuusiyira ndani? Musandibweretsere nkhalamba ina."

"Sanatu. Zaka zake zakwana, ndipo mutu wake umathamanga kuposa wanga."

"Umenewo si umboni," anatero, n'kutenganso supuni. "Abwere. Akalephera ndimubweza."

Sanatu sanalephere. Anandiimbira foni tsiku limene anakhoza, akulankhula mothamanga moti ndinangomva theka. Anati a Essilfie anamuyambiritsa kutera kasanu ndi kawiri tsiku loyamba, iye n'kukalirira m'galimoto, koma tsiku lomaliza anamugwira chanza n'kumutcha Kaputeni pamaso pa anyamata awo onse.

Ine ndinabwerera ku Tamale, ku ndege yanga yaphokoso. Kowonjezera kaja kanachoka, koma malipiro a zaka zanga anali okwanira, ndipo madzulo aliwonse ndinkadya tuo zaafi wa Memunatu, nsima ya kwathu, pakhonde panga.

Chaka chotsatira a Essilfie anapuma pa ntchito. Patapita mwezi anandiimbira.

"Yakubu, mayi a kunyumba akuti zaka makumi atatu ndawaonetsa mahotela okhaokha. Akufuna kuona njovu za ku nkhalango ya Mole. Inetu kumpoto sindikudziwako."

"Bwerani ndi ndege yanga ya Lachinayi. Mukagona kwathu, m'mawa ndikakuperekezani pa galimoto."

Anabwera atavala chipewa chachikulu cha dzuwa, ngati mzungu. Pokwera anasuzumira kutsogolo kumene ndinakhala, nayang'ana mawotchi akale a ndegeyo.

"Chimenechi chifika?"

"Khalani pansi, bambo, mumange lamba. Okwera saloledwa kuno."

Tsikulo kunja kunali kowala bwino, ndipo ndinapempha kuti tiuluke motsikirapo kuti mayi Essilfie aone nyanja ya Volta. Titatera, mtsikana wothandiza okwera anandiuza kuti mayiwo sanachotse nkhope pa zenera, koma bambowo anadandaula za phokoso mphindi khumi, kenaka n'kugona tulo mpaka ku Tamale.

Memunatu anapha nkhanga ziwiri. Tinadya pansi pa mtengo wa mango, akazi athu akukambirana za nsalu ngati anadziwana kalekale. A Essilfie anapempha nyama ina, natsamira pampando, n'kuyamba kundifotokozera chifukwa chake mkhalapakati uja analakwitsa pa nkhani ya zaka. Ndinawauza kuti akunama. Tinatsutsana mpaka muezini anaitana pemphero la madzulo, ine n'kudzuka kukasamba m'manja, iwo akundikuwira kumbuyo kuti sanamalize.