Dzino la Elube

Chaka chimene boma linasamuka ku Zomba, Lilongwe anadzaza ngati basi ya ku Mitundu. Malole ankangofika, ndipo lililonse linkatsitsa mipando, matilesi ndi ana ofuna sukulu. Bernadetta, amene ankachapa ndi kusita kwa a Mackford Gondwe ku Area 12, anaona kuti akazengereza mwana wake Elube atsala panja.

Tsoka lake, Elube analibe kalata ya kubadwa. Anabadwira m'mudzi umene tsopano unali msewu. Atapita naye kusukulu, ahedi anangomuuza mwanayo kuti ayasame.

"Onsewa ndi mano a mkaka, mayi," anatero ahedi. "Wa zaka zisanu ndi chimodzi amakhala litaguluka ngakhale limodzi. Likaguluka mubwere naye. Tikutseka kulemba Lachisanu."

Zamanyazi ndithu. Nanga mwana wa a Gondwe, wobadwa mwezi umodzi ndi Elube, si uja anali ndi mano ake onse? Koma iye anali ndi kalata.

Bernadetta anasowa mtendere. Dzino limodzi la m'munsi linkagwedera pang'ono chabe, ndiye ankangoti akasita kolala, wathamangira kukaligwedeza. Mpaka anapsereza shati la abwana. Lachiwiri anayenda wapansi mpaka kumsika wa ku Old Town kukagula nzimbe youma ngati mtengo. Elube anaitafuna yonse, n'kupempha ina, dzino lili nji.

Lachinayi masana Bernadetta anatenga ulusi pa makina osokera a mayi Gondwe, namuitanira mwana kuseri kwa kanyumba ka antchito.

"Yasama, ndingoona."

Elube anayasama, poti ndi amake. Ulusi woyamba unaduka. Wachiwiri sunaduke. Mwanayo sanakuwe n'komwe, anangowayang'ana amake, magazi akutsikira pa chibwano. Bernadetta anachita mantha ndi manja ake omwe.

M'mawa mwake ahedi anauyang'ana usinini wotupawo nthawi yaitali, kenaka anamuyang'ana Bernadetta, kenaka anawerama.

"Iwe mwana, dzinoli laguluka bwanji?"

Bernadetta mtima unali m'mwamba. Sanamuphunzitse mwanayo choyankha.

"Lagwa lokha," anatero Elube. "Ndimadya nzimbe."

Ahedi anapuma mozama, natsegula buku, nalemba dzina.

Potuluka, fumbi la mathirakitala linali koboo mumsewu wonse. Bernadetta anali wokondwa, komanso manyazi ankamudya, chifukwa mwana wosanama uja ananama koyamba pofuna kuteteza amake. Anaona kadontho ka magazi pamlomo pa Elube, ndipo anagwada kuti amupukute ndi nsonga ya chitenje.

Elube anabwerera m'mbuyo, natseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Enawa sakugwedera, amayi," anatero chapansipansi. "Ndalumbira, sakugwedera."