Mwala wa Pamwamba

Leofrun ankapera balere pang'onopang'ono, atayala chikopa cha nkhosa pansi pa mphero kuti phokoso lisamveke panja. Ankathira kabalere pachibowo cha mwala wa pamwamba, n'kuuzunguza ndi chogwirira, kenako n'kuima kaye kumvetsera.

Chibwerere Anormani ndi akavalo awo n'kulanda dziko la Angelezi, munda wa bambo ake, a Wulfric, unasanduka wa bwana wachilendo. Chaka chimenecho bwanayo anamanga chigayo kumtsinje, n'kulamula kuti zopera kunyumba zatha. Aliyense azipita kuchigayo, komwe gawo la ufa linkatsala n'kukagulitsidwa kwa eni zombo kudoko.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa a Osgar, amalume ake, omwe tsopano anali kapitawo wa bwana. Kumbuyo kwa mutu anali atameta mpala, mametedwe a Anormani.

"Alamu, nkhosa yanu yakufayi ikulira ngati mwala bwanji?" anatero a Osgar kwa a Wulfric, akuloza chikopa chija.

"Ndi kaufa ka phala chabe, alamu," anayankha a Wulfric, akuseka kuseka kwa mantha. "Nanga wometayo lumo linamuthera panjira?"

"Sekani. Mphero zonse zikupita kwa bwana, akufuna aziyale pansi m'nyumba yake yodyeramo. Musanditong'olere maso. Chigayo ndi chitukuko. Taonani matuza m'manja mwa mwanayu, inu mukuti ndi moyo umenewu?"

Leofrun anapinda zala. Anali munthu woti ngakhale mkaka umutayikire pamwendo, amangopukuta mwakachetechete. Koma mpheroyo inali ya malemu amayi ake, mlongo wawo wa a Osgar. Anabwera nayo pokwatiwa, ndipo a Osgar omwewo anakulira buledi wa pamwala umenewo.

A Osgar anagwada, n'kuyesa kugwedeza mwala wa pansi. Sunasunthe. Anatsokomola, n'kuimirira atanyamula wa pamwamba wokha.

"Poti ndinu abale, ndingotenga uwu. Wa pansiwo sungani, muzikumbukira mlongo wanga."

"Zikomo, alamu, mwatichitira chifundo," anatero a Wulfric, akupeputsa mawu.

Mawu a zikomowo ndi amene anamuwotcha Leofrun pamtima. M'mudzi monse ngakhale mwana ankadziwa kuti mwala wa pansi pawokha supera kanthu. Ukanangokhala pakona ngati manda, anthu akupunthwapo, bambo ake akuthokozabe. Anaimirira, ufa ukuyoyoka pamalaya ake, n'kuima pakhomo.

"Malume," anatero, "wa pansiwo simukuusiya chifukwa cha amayi. Mukuusiya chifukwa wakulemerani."

"Leofrun, khala pansi," anatero bambo ake.

"Ayi, bambo, ndakhala pansi kokwanira. Anatilanda munda, tinati zikomo. Atiletsa kutola nkhuni m'nkhalango, tinati zikomo. Lero ndiye ayi." Anatembenukiranso kwa a Osgar. "Ngati mwabwera kudzalanda, landani zonse. Mubwerere kudzasenza winawo pamsana panu, mudutse nawo pakati pa mudzi masanasana, anthu aone kuti wanyamula ndi ndani. Koma musatisiyire theka n'kumayembekeza kuti tikuombereni m'manja. Ine sindikuthokozani, malume. Ndipo bwana wanuyo mukamuuze m'chinenero chakecho, ngati mwachiphunzira kale, kuti m'nyumba muno muli munthu mmodzi amene sanathokoze."