Theka la Tsamba la a Kingstone

A Yosefe anali atangonyamula katoni ya mabuku kuti aichotse pabalaza pamene mwana wawo Pilirani anawagwira mkono.

"Ababa, ibwezeni pomwe inali. Simukupita kulikonse."

A Yosefe anati sakulongedza, akungokonza malo oti anthu akhalepo. Koma Pilirani anali ataona kale chikwama chawo chili chotsegula pakama kuchipinda, malaya atapindidwa bwinobwino m'katimo, lumo lometera lili pamwamba.

Linali tsiku losesa, mayi Estele, akazi a a Yosefe, ataikidwa m'manda dzulo lake. Anthu akutali anali atabalalika, pakhomo patangotsala achibale. Mudziwo unali wakuchikazi. A Yosefe anabweramo ngati mkamwini ali mnyamata, atathawa nkhondo kutsidya kwa Muloza, ndipo kwawo ku Milange kunalibenso munthu amene akanawazindikira nkhope. Nyumba anamanga ndi manja awo, zinanazi za kuseri anabzala okha, koma dothi linali la mbumba ya akazi awo. Woti anene ngati bamboyu atsale kapena asudzulidwe n'kubwerera kwawo anali a Kingstone, mchimwene wa malemu, mwini mbumba. Ndipo a Kingstone anali asanawapatsepo moni alamu awowo chitulukireni buku lija.

Bukulo linali mbiri ya moyo wa mayi Estele. Mayiwa anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, kenako analowa sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Atangodziwa kulumikiza mawu ananena kuti alemba zonse zimene anaona. Ankalemba m'makope a ana asukulu ndi zilembo zazikuluzikulu zotsamirana, a Yosefe n'kumakopera ndi dzanja lawo laukalaliki. Wosindikiza anakamupeza ndi a Yosefe ku Limbe, atagulitsa mbuzi. Tsiku la msika mayi Estele ankayala mabukuwo pa chiguduli ku Nkando, pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa kaunjika, n'kumawerenga mokweza. Ogula anali ochepa, omvera anali ambiri, ndipo iwo sankadandaula nazo.

Dzuwa litapendeka anthu anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna pa mipando, akazi pa mikeka. Phiri linali litafunda mtambo ndipo kamphepo ka chiperoni kankalowa m'mafupa. A Kingstone anavula chipewa n'kuchiveka bondo. Anayamba ndi kuthokoza a Yosefe powasamala achemwali awo pa matenda. Anawayamikira kuti sanali munthu wa mowa kapena wa ndewu. Atatero anatsokomola, nanena kuti mwambo ndi mwambo: mkazi akapita, mkamwini amamasulidwa. Alamu akolole nandolo wawo mwamtendere, koma mvula yoyamba iwapeze ali kwawo.

A Yosefe anangoyang'ana manja awo. Pilirani anafuna kudzuka, koma mayi ake aang'ono, a Rosie, anamukoka chitenje n'kuyankhula iwo. Anafunsa kuti kwawo kwake kuti, popeza munthuyu mano anagulukira m'mudzi momwemo. Anatchula akamwini ena awiri amene akazi awo anamwalira koma mpaka lero akulima minda yomweyo, wina osawanena kanthu.

"Achimwene, nenani zenizeni," anatero a Rosie. "Nkhani ndi njinga ija."

Wina pamkeka anabisa pakamwa ndi nsalu. A Kingstone anakana kuti si za njinga. Kenako anati ngakhale zitakhala za njinga, kodi iwo alibe ufulu wokwiya? Munthu wamkulu ngati iwo, mkulu wa mpingo, akangotsika minibasi pa Nkando anyamata a kabaza amawaimbira belu n'kumawafunsa ngati akufuna kukwera kapena kukankha. Achemwali awo sakanatha kuchita zimenezo okha. Anagwira cholembera ndani? Anakwera nazo basi kupita ku Limbe ndani?

Azakhali ena ochokera ku Phalombe, amene anali asanalimvepo bukulo, anapempha kuti awuzidwe chimene chikukambidwa, chifukwa sangaweruze nkhani imene sakuidziwa. Pilirani analowa m'nyumba n'kutenga buku limodzi m'katoni muja. Sanavutike kufufuza. Anawerenga ndi mawu osasa chifukwa cha kulira kwa masiku apitawo.

Mayi Estele analemba kuti achimwene awo, pofuna kukafunsira mbeta kutsidya kwa mtsinje, anabwereka njinga kuti akaoneke munthu wopeza bwino, chonsecho sankadziwa kupalasa. Anaikankha ulendo wonse, akaona anthu n'kumawerama ngati akukonza tcheni. Atafika, mtsikanayo anati amukweze akamutule kumsika. Iwo anachita manyazi kukana. Anatsetsereka bwinobwino mpaka pamlatho wamitengo, ndipo njinga, mbeta ndi mwini chibwenzi anakathera m'madzi.

Nkhaniyo inathera pomwepo, pakati pa tsamba.

Anayamba kuseka ndi azakhali a ku Phalombe. A Rosie anatsatira, misozi ya maliro ndi ya chiseko ikutsikira pamodzi. Ngakhale akazi a a Kingstone, amene anali mbeta ya m'nkhaniyo, anagwira nthiti n'kutembenukira kukhoma. Chimwalirireni mayi Estele, pakhomopo panali pasanamveke phokoso lotere.

A Kingstone anadikira kuti chiseko chizizire. Atayankhula, mawu awo sanali aukali monga anthu ankayembekezera. Anati choyamba, mlathowo unali wothyoka kale mbali imodzi, aliyense wa nthawi imeneyo akudziwa. Chachiwiri, mtsinje unali wodzaza, ndipo amene anasambira n'kumuvuula mtsikanayo ndi iwo, kenako n'kubwereranso kukavuula njinga ya eni ake. Anayenda nayo pamutu mpaka kumudzi. Mtsikanayo anawalola tsiku lomwelo, zovala zisanaume, ndipo ndi uyo wakhala apoyo, wawabalira ana asanu ndi mmodzi.

"Zimenezo zili pati m'bukumo?" anafunsa. "Alamu anga apa anapatsidwa mutu wonse, mpaka nkhani ya chipewa chawo chimene chinauluka pa lole. Ine amene ndinamubereka Estele kumsana, ine amene ndinamuperekeza tsiku loyamba ku esiteti, theka la tsamba. Ndipo m'theka momwemo ndili m'madzi."

Apa anthu sanaseke kwambiri. A Yosefe anadzutsa mutu, napempha mwaulemu ngati mkamwini angaloledwe kuyankhapo. Anati n'zoona kuti anakopera ndi iwo, ndipo anawauza malemu kuti nkhaniyo yafupika. Koma malemu anali ndi lamulo lawo: za munthu ankalemba zimene anaona okha kapena zimene mwiniwake wawauza pakamwa. Anthu onse a m'bukumo anabwera pakhonde paja kudzafotokoza mbali yawo. Kwa achimwene awo anapitako kangapo kukawapempha, ndipo ankabwerako ndi yankho lakuti iwo alibe nthawi ya sukulu ya nkhalamba.

"Ndiye analemba pomwe maso awo anafika," anatero a Yosefe. "Iwo anali kamtsikana, anaima pamtunda. Ataona mwagwa anathamangira kumudzi kukaitana anthu. Zovuulazo sanazione."

A Kingstone anatembenuza chipewa pabondo. Anafunsa akazi awo ngati zinalidi choncho kuti Estele ankabwera kudzapempha. Mayiwo anayankha kuti ankabwera, ndipo tsiku lina anadikira mpaka nkhuku kulowa, bambo ali kuseri akunamizira kukonza khola.

Pilirani ndiye ananena kuti amayi ake anali atayamba buku lachiwiri, la anthu a m'mudzimo amene sanalowe mokwanira m'loyamba. Ena anali atafotokoza kale, ena anali asanabwere. A Kingstone anafunsa, ngati munthu wongofuna kudziwa, kuti nanga tsopano alimaliza ndani.

"Amene mukumutumiza ku Milange uja," anatero a Rosie. "Muzikakwera kabaza kukamufotokozera komweko. Pa Muloza pali mlatho wabwino, simukagwa."

A Kingstone anayang'ana phiri kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa a Yosefe, koyamba chiyambireni msonkhano, n'kuwatchula kuti alamu. Anati mbiri yawo si ya tsiku limodzi. Muli za ku esiteti, muli za ku Joni kumene anakagwirako ntchito, muli za chaka cha madzi osefukira, muli za mpingo. Ndipo iwo sakonda kufulumizidwa. Akhoza kumabwera Loweruka lililonse, akapeza mpata.

A Yosefe anafunsa mosamala ngati zimenezo zingathe mvula isanagwe.

"Mvula yake iti?" anatero a Kingstone. "Chaka chino tikhala tikadali pa ubwana wanga. Za kusudzulazo tidzakamba buku likatuluka, ndikadzaliwerenga ndekha n'kuona kuti mwalemba zoona."

Azakhali a ku Phalombe anawomba m'manja pang'onopang'ono, akazi ena n'kulandira. Pilirani analowa kuchipinda kukamasula chikwama cha bambo ake, ndipo anthu anamva chitseko cha kabati chikulira.

Onse ankaganiza kuti nkhani yatha, koma a Kingstone ananyamula mpando wawo n'kukauika pakhonde. Anati popeza abwera kale, palibe chifukwa chodikira Loweruka. A Yosefe anapukuta magalasi, natenga kope ndi cholembera, nakhala pa kampando kawo kafupi. A Kingstone anakonza kolala, natsegula pakamwa kuti ayambe.

Asanatulutse liwu, Pilirani anatuluka ndi lichero lodzaza nandolo wamuwisi n'kuwakhazika pamiyendo, mbale yopanda kanthu n'kuiika pambali pa phazi lawo.

"Ichi n'chiyaninso, mphwanga?"

"Amayi sankamvera mbiri ya munthu manja ali chabe, amalume," anatero Pilirani. "Abusa anasenda. Aphunzitsi aakulu anasenda malichero awiri."

A Kingstone anayang'ana licherolo, nayang'ana a Rosie, amene anali kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatola khoko limodzi, nalitsegula ndi chala chachikulu. Nandolo anagwera m'mbale, ndipo a Yosefe anaweramira pa kope.