Injini Yoloza Kum'mawa

Injini ya alamu anga a Bunchuai inakhala zaka zambiri m'mbali mwa munda wa mpunga ikupopa madzi, ndipo sinalakwirepo munthu. Inali ya dizilo, ya pisitoni imodzi, yoliza pochita kupukusa ndi dzanja. Mavuto anayamba pamene eni ake anaganiza zoikweza paudindo.

A Bunchuai anakwatira mlongo wanga Lamyai. Kalekale anakhalapo wapampando wa komiti ya madzi m'mudzi mwathu. Komitiyo inatha boma litabweretsa mipopi, koma uthengawo sunawapezebe. Timawatchabe a Tcheya, chifukwa ukawaitana ndi dzina lina khutu lawo limavuta.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Tum, amene amagwira ntchito pafakitale ya matayala ku Rayong. Lamyai anamudikira zaka kuti adzamete, avale nsalu yachikasu, akhale mmonke wa pakachisi ngakhale kwa milungu yochepa, monga achitira mwana wamwamuna aliyense wokumbukira amene anamuyamwitsa. Anzake onse a Lamyai anali atavina kale patsogolo pa ana awo popita kukachisi. Iye ankangovinira ana a eni. Tum anazemba kawiri, koma chaka chimenecho anavomera, ndipo fakitale inamupatsa tchuthi. Pafoni anaikapo lamulo limodzi.

"Amayi, ndibwera. Koma abambo akangoyamba zionetsero zawo zija, ine ndikwera basi ndi mpala wanga womwewo."

A Tcheya anamva mawuwo, nagwedeza mutu kuvomereza, ndipo m'mawa mwake anakagula chasisi ya lole yakale, zitsulo zapansi ndi matayala ake basi, ku Chaiyaphum. Mwana wa wapampando sangapite kukachisi pa galimoto yobwereka. Adzakwera itaeni ya bambo ake, lole ya kumunda ija timadzipangira tokha ndi injini ya pampu.

Mmisiri anali a Sawat, amene anawotchererapo zitsulo ku Taiwan ali mnyamata ndipo sanalole kuti aliyense aiwale zimenezo. Anthu awiriwa ankalemekezana kwambiri, chifukwa aliyense ankaganiza kuti mnzakeyo akumvetsera.

Chasisi tinaikhazika pa zitsa pansi pa mtengo wa bwemba, mphuno italoza kuchipata. A Sawat anadula zitsulo zinayi za ngodya, mabulaketi okhazikapo injini, naboola mabowo ataliatali kuti injini izitha kusunthidwa pokoka malamba. Pamwamba pake anayalapo zidutswa za tayala lakale zochepetsa kunjenjemera. Injini tinaikweza ndi tcheni chomangirira kunthambi, ine ndikukoka, a Tcheya akulamula. Inatsika bwinobwino n'kugona chopingasa monga zigonera zonse, gudumu lake la malamba litayang'ana kumbuyo kumene kuli giyabokosi. Mabowo anakumana. A Sawat anali atalowetsa kale bawuti lachiwiri pamene a Tcheya anakweza dzanja.

"Taimani kaye, amisiri. Mutu wa injiniyi waloza kuti?"

"Waloza kunyumba kwa alamu anuwa," anatero a Sawat.

"Nyumba ya alamu ili kumadzulo."

Tonse tinayang'ana nyumba yanga ngati yasamukira kumeneko dala.

"Kumadzulo timalozetsako mutu wa maliro," anatero a Tcheya. "Mukufuna mwana wanga akwere galimoto kapena bokosi?"

Lamyai anali pansi pa nyumba akusinja papaya ndi tsabola. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Tum, galimoto imakhota. Ikangofika pamlatho mutuwo uloza kwina."

"Chofunika n'kumene yaloza tsiku lobadwa. Inu sinjani papaya."

Ine ndinati bwanji tingotembenuza chasisi yonse. A Tcheya anandiyang'ana mondimvera chisoni. Tikatero mphuno iloza kuchimbudzi, ndipo galimoto yatsopano siyamba moyo wake ikuyang'ana chimbudzi. Yotembenuka inali injini.

"Zingatheke, amisiri?"

Funso limenelo munthu wa ku Taiwan sangaliyankhe kuti ayi.

"A Tcheya, ife tinkawotcherera milatho yodutsa pamwamba pa nyanja. Injini ndi injini, kulikonse ingayang'ane imazungulira basi."

Anadula mabulaketi aja, napanga ena. Tinakwezanso injini, n'kuizungulitsa m'malere mpaka mutu utaloza kum'mawa. Tsopano gudumu la malamba linali kutsogolo, kutali ndi giyabokosi, choncho a Sawat anadutsitsa shafiti, chitsulo chachitali chozungulira, kunsi kwa injini kuti malamba apeze pogwira. Inali ntchito yokongola, sindinama. Mabulaketi anawawotcherera kawiri, mkati ndi kunja, ndipo mitu ya mabawuti anaiwotchereranso kuti isadzamasuke.

"Awa adzawapeza adzukulu a adzukulu anu," anatero akuwamenya ndi hamala.

Kuyesa sitinayese. Woombeza anali atanena kuti injini isalire pachasisi mpaka mmonke ataidontheza ufa woyera pamphuno, ndipo nthawi yabwino inagwera m'mawa wa tsiku la mwambo lomwelo. Panalibe wodandaula. Injiniyo tinkaidziwa tonse, inali yamakhalidwe. Masiku otsalawo anathera pa penti: nkhanga zamichira yaitali m'mbali, minda yobiriwira kumbuyo, ndi dzina la a Tcheya kutsogolo, m'zilembo zoti munthu aziwerenga ali kutsidya kwa mtsinje.

Tsikulo linafika. Tum anametedwa tsitsi ndi nsidze zomwe, anavala zoyera, ndipo tinamukhazika pampando womangirira kumbuyo kwa itaeni, maluwa ndi lubani zili m'manja. Ine monga malume ndinaima pambali pake nditagwira ambulera yaikulu. Kutsogolo, cha kuchipata, kunali ngolo ya zokuzira mawu, oimba, ndi mudzi wonse utakonzeka kuvina. Kumbuyo kwathu kunali tenti ya ophika, kanyumba ka mzimu wa pakhomo pamtengo wake, kenako dziwe la nsomba.

Mmonke anadontheza ufa, nabwerera kukachisi kukatidikira. A Sawat anapukusa. Injini inalira atangopukusa kamodzi kokha, thu thu thu thu, anthu n'kuwomba m'manja. A Tcheya, atavala malaya a khaki a nthawi ya komiti, anakhala pachiwongolero, anaweramira anthu kumanja ndi kumanzere, analowetsa giya yoyamba, n'kusiya kilatchi.

Ovina anayamba kutalikira.

Ndinaganiza kuti athamanga msanga. Kenako ndinamva kukuwa kumbuyo kwanga, ndipo chingwe cha tenti chinandikwapula pakhosi. Tinali kulowa m'khitchini chambuyo. Tebulo la mbale linapita. Madengu a mpunga womata anagubuduzika ngati mitu. Mphika waukulu wa msuzi wa nkhumba unatsamira pang'onopang'ono, ngati ukuganizira, n'kugwa. Amayi okalamba amene m'mawa womwewo ankadandaula mawondo analumpha mbaula.

A Tcheya, poona kuti giya yoyamba yawanyoza, anachita zimene wapampando aliyense angachite. Anapita kwa wamkulu wake. Analowetsa yachiwiri.

Tinathamanga. Tenti yonse inatitsata itakola pa ambulera yanga. Panamveka kuti gu, ndipo kanyumba ka mzimu kanadutsa pambali pathu katapendekeka, tizidole take tikugwa, botolo la chakumwa chofiira chimene Lamyai anaikapo m'mawa likukhuthukira pamatayala. Apo m'pamene phazi la a Tcheya linakumbukira kumene kuli buleki. Tinaima matayala akumbuyo ali m'matope a dziwe.

Oimba anasiya. Pabwalo ponse panangotsala thu thu thu thu wa injini, imene inkaoneka kuti sikudziwa kuti yalakwa.

Sindinaonepo anthu ambiri chonchija atatsegula pakamwa nthawi imodzi. Mbale zosweka n'zogula, koma kanyumba ka mzimu kugwetsedwa ndi mwini nyumba, pa tsiku lotere, chambuyo, zinali zisanachitikepo m'mudzi mwathu. Azakhali ena anagwada pomwepo m'msuzi n'kuyamba kupepesa. Ndinayang'ana Tum. Munthu wopanda nsidze amaoneka wodabwa kale, ndiye nkhope yake inalibe poonjezera.

"Amisiri!" anakuwa a Tcheya. "Mwaika giyabokosi chadodolido!"

"Giyabokosi sindinaikhudze ine! Mwina simudziwa magiya."

"Ine? Ndinkayendetsa thirakitala inu mukutola ndudu ku Taiwan!"

A Sawat anagwada kutsogolo kwa itaeni n'kuyang'anitsitsa gudumu la malamba. Anatukula chala n'kuyamba kuchizungulitsa m'malere motsata gudumulo. Kenako anaimirira, chala chikuzungulirabe, natembenuka thupi lonse mpaka kutipatsa msana. Tonse tinaona. Chala chimene chinkazungulira chakumanja tsopano, kwa ife, chinkazungulira chakumanzere. Anachiyang'ana nthawi yaitali ngati ndi cha munthu wina.

"Injini ikuzungulira bwino," anatero motsitsa mawu. "Kungoti tinaitembenuza."

"Ndiye itembenuzeni!"

"Mabulaketi aja, a Tcheya..."

"Atani?"

"Ndinawapangira adzukulu. Kuwadula n'kupanga ena, mwina mawa madzulo."

Mawa madzulo kunalibe. Mmonke wamkulu wolandira anyamata anachokera kutauni, ndipo akangodya chakudya chake masana asanakwane amabwerera. Tchuthi cha Tum nachonso chinali chowerengeka. Wina anati tiitane galimoto ya aphunzitsi, a Tcheya n'kuyankha kuti mwana wawo sakwera zobwereka, ndipo anayamba kufotokozera khamu lonse za ulemu wa banja lawo, ataimirira pampando, chidutswa cha tenti chili paphewa.

Tum anaika maluwa pansi.

"Malume, chotsani ambulera. Basi ya ku Rayong imadutsa masana."

"Iwe, dikira kaye."

"Ndinanena ine. Ndinanena pafoni."

Anaponya mwendo umodzi kunja kwa bodi ya itaeni. Mnyamata wovala zoyera saponda pansi asanafike pakachisi, ndipo aliyense anadziwa kuti phazi limenelo likangogunda dothi, lipitirira mpaka kumsewu.

Lamyai anatulukira m'mabwinja a khitchini, nsalu yake ya silika imene anaisunga zaka itanyowa msuzi mpaka m'chiuno, chipande chili m'manja. Sanakuwe. Anafika pambali pa itaeni n'kugwira phazi la mwana wake ndi manja awiri, kulibweza m'mwamba.

"Tum, mwanangu, bambo ako ndakhala nawo zaka zambiri kuposa iwe, ndipo basi imadutsa tsiku lililonse. Sindinakwere. Khala pansi."

Tum anayang'ana amake, anayang'ana msuzi pansalu ija, n'kubweza mwendo. Sanatole maluwa, koma anakhala.

Lamyai anapita kutsogolo.

"Bambo a Tum, mwaika giya yopita kutsogolo, yapita kumbuyo. Ikani yopita kumbuyo."

"Mayi, nkhani za makina zimafuna..."

"Ikani."

Anthu anathawa mbali zonse ziwiri, poti panalibenso wodziwa kumene kuli kotetezeka. A Tcheya anakhala pansi, analowetsa livesi, natseka maso. Matayala anazungulira m'matope, anagwira, ndipo itaeni inatuluka m'dziwe n'kuyamba kulowera kuchipata, mphuno patsogolo, dzina la a Tcheya likuwala.

Giya ya livesi ndi imodzi, ndipo liwiro lake ndi la nkhalamba yopita kumsika. Linapezeka kuti ndi liwiro lenileni la anthu ovina. Lamyai anauza azakhali aja kuti adzutse kanyumba ka mzimu, ayatse lubani, anene kuti mwini wake adzabwera kudzapepesa yekha ndi mutu wa nkhumba. Kenako anaponya chipande, anakodola oimba, nakweza manja. Anavina patsogolo pa itaeni msewu wonse, ntchentche zikutsata nsalu yake, ndipo sanacheuke ngakhale kamodzi. Titadutsa pamlatho mutu wa injini unaloza kumadzulo ndithu. Palibe anatchula. Cha pamenepo Tum anawerama n'kutola maluwa ake.

Tinafika mmonke wamkulu akuyang'ana kale kumene kunali mbale yake. Tinamunyamula Tum pamapewa kuzungulira nyumba yopatulika, tinamulowetsa, ndipo atatuluka atavala zachikasu Lamyai anagwada pamaso pake monga achitira aliyense kwa mmonke, chipumi mpaka pansi, n'kulira mokweza moti agalu a pakachisi anathawa. Kuseri kwanga ndinamva a Tcheya akuuza alendo a kutauni kuti giya ya mwambo imeneyi anaiganiza okha, ndipo a Sawat ankaonjezera kuti ku Taiwan n'zofala.

Mabulaketi aja sanadulidwe. Kuwadula kukanakhala kuvomera. Nyengo yokolola chinangwa itafika, a Tcheya anayesa kupita kusikelo kokagulitsa pa giya ya mwambo, ndipo anafika atatseka. Kuyambira pamenepo amapita pa magiya anayi enawo. Amadutsa pakhomo panga chambuyo, katundu patsogolo, khosi litapindika, ndipo moni wawo ndimaulandira atandipitirira kale.