Nambala ya Pakhoma la Adada

"Musaponde pamenepo, bwana," anatero adada. "Mufufuta zotsala."

Ndinabweza phazi. Bwalo lonse linali masamu ogawa, olembedwa ndi kamtengo m'fumbi, ndipo pakhoma la nyumba yathu ku Manyamula panali nambala ya penti wakuda: 147,573,952,589,676,412,927. Ndinaizindikira ndisanafike pakati. Ndinawasiyira ndine.

"Ndine Wilfred, adada."

"Yewo. Wilfred wanga ali ku Ulaya. Abwera ndikamaliza."

Mlongo wanga Emmie anandilanda chikwama osandiyang'ana. "Mutu unayamba kuwasokonekera amama atamwalira," anatero, "maliro aja unawalirira pafoni. Mayina athu anaiwala. Ichi chokha ayi."

Tsiku limene ndinkanyamuka, ndili wodzimva ndi digiri yatsopano, adada anandifunsa kuti ndidzabwera liti. Poti anakalambira pa choko, akuphunzitsa masamu ku Euthini, ndinawayankha ndi masamu omwewo: "Mukapeza yoigawa iyi popanda chotsala, mudzandiona pakhomo." Tinaseka tonse. Koma ine ndinkadziwa kuti yaing'ono mwa zoigawa ili kuseri kwa mamiliyoni 193, kumene kamtengo ka m'fumbi sikangafike ngakhale munthu atabadwa kakhumi.

Adada anandikoka dzanja, nandionetsa khoma ngati mlendo wa ku Boma. "Onani, imathera ndi seveni. Ndiye thuu yakana, faifi yakana, ndipo si sikweya. Fili nayo ndinayesa, yakana. Mphunzitsi wina akuti ndi pulayimu, yosagawika." Anaseka. "Mwana wanga angandipatse yosagawika? Mbwenu akanangonena kuti sabweranso."

"Yankho uli nalo," anatero Emmie titakhala pakhonde. "Apatse apume. Mwina angakuzindikire."

M'mawa mwake ndinagwada pambali pawo n'kulemba ndi chala: 193,707,721.

"Yesani iyi, adada."

Anagawa mpaka mthunzi wa mango utabwerera patsinde, milomo ikuyenda, nkhuku zikuthamangitsidwa ndi chigongono. Mzere womaliza anaubwereza. Kenako pamalo a chotsala anajambula ziro wamkulu, wozungulira bwino, ngati amene ankatijambulira m'makope tikalakwa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira dzina langa.

"Yewo chomene, bwana," anatero, nandigwira chanza ndi manja awiri. "Mulungu akudalitseni."

Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi tayi wopotoka. "Amama," anauza Emmie, "gwirani tambala uja. Mwana wanga afika lero." Emmie anatembenukira kukhoma.

Mpando ndinawanyamulira ndine mpaka kumsewu, pamene pamatsikira anthu ochokera ku Mzimba. Ndinakhala pansi pambali pawo. Galimoto iliyonse ikatulukira m'fumbi, adada ankaimirira n'kukonza tayi, ndipo ine, posowa chochita, ndinkaimirira nawo.